Chalichi Cikavala Nsalu

Nyumba ya miyala nayo imadwala. Mvula imalowa m'ming'alu, utsi wa magalimoto umadetsa zipupa, ndipo zitsulo zimene amisili akale analumikizila miyala zimacita dzimbili n'kuyamba kuphwanya miyala yomweyo. N'cifukwa cake machalichi akale a ku Ulaya, ena a zaka 600 ena 800, sakhala nthawi yaitali popanda amisili. Pofuna kukonza khoma lalitali, amayamba amanga zitsulo zokwelapo, zija pa saiti amangoti sikafodi. Zitsulozo amazikuta ndi cinsalu cangati ukonde kuti fumbi, tizidutswa twa miyala kapena nyundo yopulumuka m'manja zisagwele anthu odutsa pansi. Nchito yotele siitha mwezi umodzi. Imadya zaka zisanu, khumi, nthawi zina makumi awili.

Kale cinsaluco cinali cobiliwila kapena cotuwa, copanda mau. Makina osindikizila atakula, anthu anazindikila kuti pa nsalu yaikulu conco, yolenjekeka pakati pa mzinda, pangalembedwe ciliconse. Kuyambila pamenepo nsalu inayamba kulankhula. Tsono cinthu cikayamba kulankhula, timacifunsa mafunso amene timafunsa munthu. Kodi ukunena zoona? Wakutuma ndani? Nanga ine amene ukundilankhula, ukundiyesa ndani?

Ndine mphunzitsi wa ku sekondale muno mu Lusaka, ndipo ndidziwa kuti nkhani ya nsalu za pa machalichi a ku Paris, York ndi Vienna ingamveke ngati ya anthu okhuta. Koma mkati mwake muli funso limene limabwela m'kalasi nthawi zonse tikamakamba za katundu wa anthu onse. Munthu akapatsidwa cinthu ca gulu kuti acisunge, ndiyeno n'kucitsekela kuti acikonze, kodi eni ake amene atsala panja ayenela kuwauza ciani? Nsalu za pa sikafodi zimayankha funsoli m'njila zitatu. Ina imaonetsa cithunzi ca chalichi cimene cabisika. Ina imatsatsa malonda. Ina imafotokoza nchito imene ikucitika kuseli kwake.

Tiyambe ndi ya cithunzi. Amajambula khoma lisanakutidwe, n'kusindikiza cithunzico pa msinkhu wake weniweni, zenela pamalo pa zenela, mzati pamalo pa mzati. Woimilila patali angayese akuona mwala, mpaka mphepo itagwedeza khoma lonselo. Ku Vienna, chalichi ca Stephansdom, cimene nsanja yake ndi yotalika mamita 136, cavalapo nsalu zotele kambili, pakuti amisili ake sacoka pamalopo. Akatsiliza mbali ina, ina yayamba kale kufumbutuka.

Kodi limeneli ndi bodza? Ine ndikuona kuti ai. Bodza limafuna munthu woti apusitsidwe, koma pano palibe amene akupusitsidwa. Ngakhale mwana amaona kuti ndi nsalu. Ndiponso si kuphimba konse kumene kumakhala kubisa coonadi. Mai akagwa mwadzidzidzi pamsika, kapena nthawi yake ikakwana ali panjila, azimai anzake amamasula zitenge n'kumuzungulila, n'kupanga mpanda. Aliyense wodutsa amadziwa zimene zili mkati mwa mpandawo. Zitengezo sizinena kuti palibe wodwala, zimanena kuti wodwalayu ndi munthu, maso asamudye. Akatolika ndi a Anglican amadziwanso kuphimba kwa mtundu wina. M'milungu yotsiliza ya Lenti, m'machalichi ambili amakuta mitanda ndi zifanizo ndi nsalu yofiilila, ndipo pa Cisanu Coyela mtanda umavundukulidwa pang'onopang'ono pamaso pa mpingo. Kumeneko nsalu imaphunzitsa maso kulakalaka cinthu cimene anacizolowela mpaka kuleka kuciona. Conco kuveka chalichi codwala kungakhale ulemu, ndipo cithunzi ca nkhope yake cingakhale lonjezo lakuti nkhope imeneyi idzabwelanso.

Komabe nsalu ya cithunzi ili ndi cofooka cake. Imaonetsa chalichi cimene sicinadwalepo. Pa cithunzi palibe mng'alu, palibe mwala wofumbutuka, palibe mmisili. Kuseli kwake kuli anthu amene akwela mamita makumi anai m'mwamba, m'mphepo yozizila, kukacotsa mwala wowola ndi kuikapo wina umene ausema kwa milungu ingapo. Nsalu imawafafaniza onsewo kuti mlendo wa kamela asakhumudwe. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Kuno mkati muli nyelele zogwila nchito yolemekezeka, koma wodutsa sauzidwa za izo. Akacoka pamenepo amapita ndi maganizo akuti zinthu zakale zimangokhala zokha, monga mwana amene amayesa kuti unga umamela m'thumba.

Ku York, ku England, anapeza njila yocepetsela vuto limeneli. Chalichi ca York Minster cili ndi zenela lalikulu la kum'mawa, lofanana ndi bwalo la tenesi kukula kwake, limene John Thornton ndi anchito ake anapanga pakati pa 1405 ndi 1408. Lili ndi zigawo 311 za magalasi a mitundumitundu, zofotokoza ciyambi ndi mapeto a dziko. Mu 2008 magalasi onsewo anagululidwa kuti akatsukidwe ndi kukonzedwa, ndipo nchito yowabwezela inatha mu 2018. M'malo mwa zenela anapacikapo cithunzi cake cosindikizidwa pa msinkhu womwewo, kuti olowa asapeze cibowo. Koma sanalekele pomwepo. Kuyambila mu 2012 anakonza kacipinda mkati mwa chalichi mmene anali kuikamo zigawo zina zimene zakonzedwa, pafupi ndi maso a munthu woimilila. Nkhope zimene kwa zaka 600 zinali kutali m'mwamba, anthu anaziona pafupi, pamodzi ndi zipsela zake. Cithunzi cinasunga malo, ndipo kacipindako kananena zoona za matenda ndi mankhwala ake.

Nsalu yaciwili ndiyo imautsa mkangano. Ku France malamulo amaletsa kutsatsa malonda pa nyumba zakale zotetezedwa ndi boma. Koma kuyambila mu 2007 analola kuti pa nthawi ya kukonza, nsalu ya pa sikafodi ikhale ndi malonda, malinga ngati malondawo sapitilila theka la nsalu, ndipo ndalama zake zipita ku nchito yokonzayo. Mu 2015 aphungu ena anayesa kuthetsa cilolezoci, koma cinatsalabe. Motelo ku Paris machalichi monga Saint-Augustin ndi La Madeleine anavalapo zikwangwani zikuluzikulu za makampani. Ku Barcelona, pamwamba pa chalichi cacikulu ca mumzindawo panaoneka mafoni a Samsung, anthu n'kudandaula. Ku Vienna, chalichi ca Votivkirche cinakonzedwa kuyambila mu 2001 mpaka mu 2023, ndipo kwa zaka zambili mkati mwa nthawi imeneyo kumaso kwake kunali cikwangwani ca malonda cooneka patali.

N'zosavuta kukwiya ndi zimenezi. Mkhristu aliyense amakumbukila msanga nkhani ya Yesu ndi ogulitsa malonda m'kacisi. Koma tisanatole cikwapu, timve kaye mbali ya amene anavomela. Kucokela pa lamulo la 1905 lolekanitsa boma ndi chalichi, machalichi ambili akale a ku France ali m'manja mwa makhansolo kapena boma. Mzinda wa Paris wokha uli ndi machalichi oposa 80 oti uziwasamalila. Ndalama yokonzela denga la chalichi imacokela m'thumba lomwe mumacokela ya masukulu, ya miseu ndi ya nyumba za osauka, ndipo okhoma msonkho ambili salowa m'chalichi. Munthu wosunga thumba limenelo anganene kuti: nsalu ikhalapo ndithu, kaya ilembedwe kaya isalembedwe, ngati kampani ikufuna kulipila kuti iikepo cithunzi ca foni kwa zaka ziwili, bwanji ndikane, n'kukatenga ndalamayo kwa ana a sukulu? Mwala ukagwa kucokela pa nsanja sufunsa ngati wodutsayo amadana ndi malonda. Apa m'pamene khoswe wakhala pa mkhate. Ukamuponya mwala, uswa mkhate umene ukufuna kuupulumutsa.

Palinso mbili yakale imene imacititsa manyazi mkwiyo wathu. Machalichi amenewa sanamangidwe ndi mapemphelo okha. Ku Chartres, mawindo ambili a m'zaka za m'ma 1200 ali ndi zithunzi za anthu a nchito zosiyanasiyana m'munsi mwake: ophika buledi, osoka nsapato, ogulitsa nsalu ndi zikopa, osema miyala. Anthu akhala akuzimva zithunzi zimenezi monga zizindikilo za magulu amene anapeleka mawindowo. Ku Rouen kuli nsanja yochedwa Tour de Beurre, kutanthauza nsanja ya bata, ndipo mbili yake imati inamangidwa ndi ndalama za anthu amene anali kulipila kuti aloledwe kudya bata m'nyengo ya Lenti. Ndalama ya malonda inalowa m'makoma amenewa kalekale. Nafenso kuno timaidziwa. Pa benchi la m'chalichi pamalembedwa dzina la banja limene linapeleka, ndipo pa tsiku losonkhetsa ndalama, mlendo wolemekezeka amachulidwa ndi maudindo ake onse.

Ngati zili conco, kodi wophika buledi wa ku Chartres amasiyana pati ndi foni ya ku Barcelona? Ndikuona kusiyana pa zinthu ziwili. Coyamba ndi malo amene aliyense waima. Wophika buledi ali pansi pa zenela, wamng'ono, wawelamila mtanda wake wa ufa, ndipo pamwamba pake pali nkhani imene anabwela kudzaitumikila. Diso likamuona limakwela n'kupita ku nkhaniyo. Foni ili pamwamba, yaikulu kuposa khomo, ndipo diso likaiona limacoka pa chalichi n'kupita ku sitolo. Wina analowa m'nyumba ngati mwana wa pakhomo wobweletsa mtolo wa nkhuni. Wina wabweleka nkhope ya mwini nyumba kuti aitanile anthu kwake.

Caciwili ndi cinthu cimene cikugulitsidwa. Kampani siilipila nsalu, pakuti nsalu ndi yochipa. Siilipilanso kukula kwa khoma kokha, popeza makoma aakulu ndi ambili mumzinda. Imalipila maso a anthu. Kwa zaka mazana, anthu odutsa pamalo amenewo anaphunzila kukweza mutu akafika pamenepo. Ena anabatizidwila mmenemo, ena anakwatilamo, ena anapelekezelamo maliro a makolo ao, ena sanalowemo koma belu lake ndilo linali kuwauza nthawi. Cizolowezi cokweza mutu cimeneco ndi cuma cimene mibadwo inasonkha pang'onopang'ono, osadziwa kuti ikusonkha. Wansembe wa lelo sanacipange, khansolo ya lelo sinacipange. Pocibweleketsa kwa kampani, akubweleketsa katundu wa amasiye amene iwo anangopatsidwa kuti asunge. Wosunga katundu wa amasiye angagulitse mbuzi imodzi kuti agule mankhwala a ng'ombe, ndipo palibe angamudzudzule. Koma ayenela kuuza banja kuti mbuzi yagulitsidwa zingati, ndipo ndalamayo yapita kuti.

Pali ngozi inanso imene imabisala m'makonzedwe otele. Nsalu yopanda malonda imadya ndalama tsiku lililonse limene ili pamenepo, conco aliyense amafuna kuti itsike msanga. Nsalu ya malonda imabweletsa ndalama mwezi uliwonse, conco kucedwa kwa nchito kumaleka kuwawa. Sindikunena kuti alipo amene anacedwetsa dala nchito ya chalichi cakutičakuti. Kukonza miyala yakale kumacedwa pa zifukwa zomveka, ndipo nthawi zambili ndalama ya cikwangwani ndiyo imayendetsa nchitoyo. Ndikunena cabe kuti makonzedwe amene amalipila munthu cifukwa ca kupitilila kwa matenda amafuna maso a anthu ambili. Mwana wa ku Vienna wobadwa caka cimene nchito ya Votivkirche inayamba, anali atatsiliza sukulu pamene inatha. Kwa mwana wotele, cimene akulu anali kuciyesa covala ca kanthawi cinali nkhope yeniyeni ya chalichi.

Nsalu yacitatu tiione ku Notre-Dame ya ku Paris. Chalichi cimeneci, cimene anayamba kumanga mu 1163, cinapsa pa 15 April 2019. Denga linatha, ndipo nsanja yosongoka ya m'zaka za m'ma 1800 inagwa anthu a dziko lonse akuonelela pa mafoni. Pa nthawiyo panali kale sikafodi, pakuti nsanjayo inali kukonzedwa. Moto unapinda ndi kumatilila zitsulo pafupifupi 40,000, zolemela matani 200, ndipo kuzicotsa cimodzicimodzi kunatenga mpaka mu November 2020. Malo onse anazingidwa ndi mpanda kwa zaka zoposa zisanu, mpaka chalichi cinatsegulidwanso pa 7 December 2024.

Mpanda umenewo anausandutsa bolodi la m'kalasi. Panapacikidwa zithunzi zimene Patrick Zachmann anajambula mkati mwa saiti, zoonetsa anthu olenjekeka pa zingwe akudula zitsulo zopsa ndi ena akusanthula phulusa. Panaikidwa zojambula za ana amene anapemphedwa kujambula Notre-Dame mmene akuikumbukila kapena mmene akuifunila. Panafotokozedwa nchito za amisili: osema miyala, okonza magalasi, otsuka mipaipi ya limba lalikulu, ndi akalipentala amene anasema mitengo ya oki ndi nkhwangwa monga anali kucitila anzao zaka 800 zapitazo. Munthu amene anabwela kudzaona chalichi n'kucipeza cotseka sanabwelele cimanjamanja. Anaona cinthu cimene alendo a masiku abwino saona, ndico manja amene amacititsa kuti nyumba yotele iime.

Monga mphunzitsi, njila imeneyi imandikoka mtima, ndipo cifukwa cake si kukongola. Nsalu ya cithunzi imamuyesa wodutsa mlendo wofunika kumusangalatsa. Ya malonda imamuyesa wogula. Iyi imamuyesa mwini wake, wacibale amene wabwela ku cipatala kudzazonda wodwala, woyenela kuuzidwa kuti dokotala wapeza ciani ndipo acita ciani. Ndipo ku Notre-Dame odutsawo analidi eni ake, pakuti nchitoyo inalipilidwa ndi zopeleka zokwana ma euro pafupifupi 846 miliyoni, zocokela kwa anthu ndi mabungwe 340,000 a m'maiko 150. Wopeleka ndalama ali ndi ufulu womva nkhani yake.

Koma ciwelengelo comweco cimaticenjeza kuti tisafulumile kugawa mamalikisi. Notre-Dame inapsa pamaso pa makamela, ndipo ndalama inabwela ngati mvula ya mu January. Sinafunikile kubweleketsa nkhope yake kwa wina aliyense. Chalichi cimene denga lake likuwola mwakacetecete, popanda lawi la moto loti dziko licione, cilibe mwai umenewo. M'kalasi ndimaona zofananazo. Mwana wa pa banja lopeza bwino amakutila mabuku ake ndi pepala la khaki loyela bwino, wina amakutila ndi nyuzipepala yakale kapena kalenda ya ku sitolo, ndipo pa cikuto ca buku la masamu pamakhala mtengo wa mafuta ophikila. Sindingamulange waciwiliyu cifukwa ca cikuto. Cimene ndimafuna kwa onse awili n'cakuti pamwamba pakhale dzina la mwini, phunzilo ndi kalasi, zolembedwa poonekela, kuti buku lisasocele. Nalonso chalichi cosauka cingavale nsalu ya malonda popanda kucimwa, malinga ngati dzina la mwini likuonekabe pamwamba pa malondawo.

Ndiponso nsalu yofotokoza nchito nayo ingasankhe zokamba. Moto wa ku Notre-Dame unasungunula mtovu wa pa denga ndi pa nsanja, umene unali wolemela matani oposa 400, ndipo fumbi lake linagwela m'miseu ndi m'mabwalo a masukulu apafupi. Makolo ndi mabungwe oteteza cilengedwe anadandaula kuti akuluakulu anacedwa kucenjeza anthu. Mu July 2019 nchito inaimitsidwa kwa milungu ingapo kuti akhwimitse citetezo ca anchito, ndipo masukulu ena anatsukidwa. Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa zimene mtovu umacita m'magazi a mwana. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma dothi lake likudwalitsabe ana mpaka lelo. Cithunzi ca kalipentala akusema mtengo n'cosavuta kucipacika, pakuti cimakometsa onse. Mayeso enieni a kulankhula ndi anthu amabwela pamene nkhani ili yoipa: mtengo wa nchito wakwela, tsiku lotsiliza lasunthidwa, fumbi lili ndi poizoni. Nsalu imene imakamba zokoma zokhazokha yangokhala malonda a mtundu wina, otsatsa oyang'anila nchito m'malo mwa foni. M'masukulu timacidziwa cizolowezi cimeneci. Kukamveka kuti kubwela alendo ocokela ku maofesi, miyala ya m'mbali mwa njila imapakidwa laimu ndipo khoma loyang'ana ku geti limapentedwa, pamene zimbudzi za kuseli zili momwemo.

Tsono muyeso umene ndafika nao ndi uwu. Nsalu ya pa chalichi ndiiweluza poona ngati wodutsa, ataiwelenga, angayankhe mafunso anai: cikudwala n'ciani, akucikonza ndani, ndalama ikucokela kuti ndipo ndi zingati, nsalu idzatsika liti. Cithunzi ca khoma cingakhalepo kuti mzinda usaiwale nkhope imene ukuiyembekeza. Dzina la kampani lingakhalepo, pansi ndi pambali, pa malo a wophika buledi wa ku Chartres. Ngati umphawi wakakamiza kuti malonda akule kuposa pamenepo, ndiye kuti mtengo wake ulembedwe pa nsalu yomweyo, m'zilembo zoti munthu wa pa basi awelenge. Manyazi a kulemba mtengo ndiwo adzaonetsa ngati malondawo anali oyenela.

Kodi zimenezi zili kutali ndi ife? Machalichi athu akukula msinkhu. Ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kuli chalichi ca Niamkolo cimene a London Missionary Society anamanga ca m'ma 1895. Makoma ake a miyala ndi nsanja zilipo, denga palibe. Muno mu Lusaka, Cathedral of the Holy Cross, ya konkile ndi magalasi a mitundumitundu, inatsegulidwa mu 1962, conco yapitilila zaka 60. Konkile nayo imakalamba, pakuti zitsulo za mkati mwake zimacita dzimbili madzi akazipeza. Nyumba imeneyi ndi ya a Anglican, koma mbili yake ndi ya dziko lonse. Mmenemo ndimo Kenneth Kaunda ndi Frederick Chiluba anakumana mu July 1991, atsogoleli a machalichi ali pakati, pamene mkangano wa malamulo a dziko unafuna kutsekeleza njila ya ku masankho a zipani zambili. Tsiku limene nyumba yotele idzavala sikafodi, eni malonda sadzacedwa kufika, pakuti khoma la pa citunda loyang'ana Independence Avenue si khoma wamba. Aliyense woyenda mu Great East Road amadziwa mmene zikwangwani zimamelela mumzinda uno, ndi mmene mipanda ya nyumba za anthu imasandukila mitundu ya makampani a mafoni.

Pa tsiku limenelo sitidzayambila pa zelo, cifukwa nsalu yolankhula ndi yathu kale. Mpingo ukafika zaka 50 kapena 100 umasindikiza citenge cokhala ndi cithunzi ca chalichi, dzina lake ndi zaka zake. Azimai amacigula, ndalama n'kupita ku thumba la zomangamanga, ndipo chalichi cimayenda m'misika ndi m'maliro cili m'ciuno mwa eni ake. Pamenepo nsalu yabweletsa ndalama, yalengeza uthenga, ndipo palibe nkhope imene yabwelekedwa kwa mlendo. Tilinso ndi mwambo wa msungicuma amene amaimilila pambuyo pa mapemphelo n'kuwelenga kuti matumba a simenti agulidwa angati, malata atsala angati, ngongole ili pati. Anthu amang'ung'udza kuti akucedwetsa nsima, koma Sondo imene sawelenga, amafunsana panja kuti ndalama yapita kuti. Nsalu yabwino ya pa sikafodi ndi lipoti la msungicuma lomwelo, lolembedwa m'zilembo zazikulu kuti alimve ndi amene salowa m'chalichi.

Pali mwambi wakuti mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Chalichi cakale cili m'zitsulo sicifunika kucita manyazi pamaso pa ana ake. Iwo angapilile kuciona cili ndi mabandeji, angapililenso cikwangwani ca kampani kwa kanthawi ngati auzidwa cifukwa cake ndi mtengo wake. Cimene cimawawa ndi kudutsa pakhomo pa mai ako caka ndi caka, n'kumapeza pakhomopo paima mlendo womwetulila akukuonetsa foni, popanda wina wokuuza kuti mai ali bwanji mkatimo ndi kuti adzatuluka liti.